Vainess ndi Chitseko cha Bambo Ephraim

Vainess Kalekeni wakhala mnzanga kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo pa zaka zonsezi anandikalipirapo kamodzi kokha. Ine ndamukalipira kosawerengeka, poti ine Doreen pakamwa panga palibe chotsekera, aliyense wa ku tchalitchi kwathu ku Dennistoun angakuuzeni. Koma kamodzi kakeko kanandikwana. Mpaka lero ndikakumbukira, m'makutu mumanditentha.

Kwawo ndi ku Ntcheu, cha ku Tsangano. Anabwera kuno ku Glasgow mu 2007 kutsatira amuna ake, a Spencer, amene ankaphunzira za madzi ku yunivesite. Maphunziro atatha a Spencer anapeza ntchito, banja n'kukhazikika ku Springburn. Ali ndi ana awiri, Pempho ndi Misozi, ana oti ukawafunsa kuti mwadzuka bwanji amakuyankha m'Chingerezi chothamanga cha kunoko, choti ngakhale Mngerezi weniweni amachita kutchera khutu. Vainess anayamba ngati tonsefe, ndi ntchito ya keya: kusambitsa nkhalamba, kuzidyetsa, kuzitembenuza pabedi. Tinadziwana kumeneko. Ine ndikadali komweko, koma iye anadzipanikiza ndi sukulu zaka zitatu mpaka anapeza mapepala a ntchito imene akugwira panopa.

Ndi mayi wamfupi, wolankhula pang'ono, woyenda ngati alibe kopita. Chaka chonse amavala jekete yobiriwira yofika m'maondo, kumbuyo kachikwama kokhala ndi fulasiki ya tiyi, makapu awiri ndi masokosi atsopano. Bungwe limene amagwirako ndi laling'ono, ofesi yake zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ina ku Gorbals. Amathandiza anthu amene akhala mumsewu zaka ndi zaka, ambiri mwa iwo odwala matenda a maganizo, ena oti mowa unawamanga.

Njira yawo poyamba inkandiseketsa. Ati munthu uzimupatsa kaye nyumba yakeyake, makiyi m'manja, osamuuza kuti yamba wasiya mowa kapena yamba wachira. Akalowa m'nyumbamo ndiye thandizo lizimutsatira komweko: nesi wa za maganizo, wina womuthandiza mapepala, ndi munthu ngati Vainess, womuyendera sabata ndi sabata mpaka azolowere. Tsiku limene anandifotokozera ndinawomba m'manja.

“Amake Pempho,” ndinatero, “ndiye kuti mukumupatsa munthu mbale asanasambe m'manja?”

“Nanga akasamba kuti, amake Deborah,” anayankha, “poti mpopiwo uli m'nyumbamo?”

Chimene chinamukokera ku ntchitoyi anandiuza kamodzi, tikupinda mabulangete kuntchito kwathu kwakale kuja. Anali ndi mlongo wake, Maxon, amene mutu unamusokonekera ali ku sekondale. Makolo anamumangirira ndi unyolo ku mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba. Sinali nkhanza ayi, anangosowa chochita, poti akamumasula ankathawira kumsewu waukulu. Vainess ndiye ankamupititsira chakudya. Maxon anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Atamaliza kundiuza anati, “Gwirani uko bulangeteli,” ndipo nkhaniyo sanaibwerezenso.

Tsopano za Bambo Ephraim. Mmalawi aliyense amene wakhalitsa ku Glasgow amawadziwa, ngakhale kuti ambirife tinkachita ngati sitikuwadziwa. Anali munthu wophunzira, injiniya, wa mapepala ake onse abwinobwino, ndiponso ndiwo ankatiphunzitsa kwaya. Kenako banja linatha, ntchito inatha, anayamba kumva mawu amene ife sitinkawamva, basi n'kulowa mumsewu. Zaka khumi ndi chimodzi! Ndinene zoona, poti ndayamba kale kudziulula: ndikawaona atakhala pakhomo la shopu m'tauni, ndinkawoloka msewu. Lachitatu pa mapemphero a amayi dzina lawo tinkalitchula ndithu, ndi misozi yomwe, koma moni wa pamaso palibe ankawapatsa. Tinali ndi manyazi, ngati kuti iwowo akutivula tonse Amalawi pamaso pa azungu.

Ku bungwe kuja anawapereka m'manja mwa Vainess chifukwa cha chilankhulo, poti matenda akawakulira Chingerezi ankachikana, ankangoyankha Chichewa. Anawayendera zaka ziwiri mumsewumo, mpaka fulati inapezeka. Zaka ziwiri, abale! Ine bwenzi lake la ponda apa nane mpondepo, osandinong'oneza ngakhale liwu limodzi.

Ndinazitulukira ndekha. Lachinayi lina mu Febuluwale ndikutsika basi ku Springburn, ndinamuona Vainess akulowa mu buloko ina ya mafulati ndi bambo wometa bwino, atanyamula ketulo yatsopano m'bokosi. Nkhope sindinaione, koma kayendedwe kaja kopendekera kumanzere ndinakazindikira. Iwo atalowa ndinapita pakhomo paja, ndinawerenga mayina a pa mabelu, ndipo dzina lawo linalipo, fulati nambala sikisi. Madzulo ndinamuimbira foni mnzangayo.

“Amake Pempho, amene munali nawo aja si Bambo Ephraim?”

“Za kuntchito sindikamba, mukudziwa,” anatero, n'kuyamba kundifunsa za mwendo wanga wa nyamakazi.

Ha! Mtima wanga unadzaza ndi chimwemwe komanso kaukali pang'ono. Ndinati mumtima, munthu ndi wathu, wa kwathu, ndiye azisamalidwa ndi ofesi ngati alibe abale? Pompo ndinalemba pa gulu lathu la amayi la pa foni kuti wotayika uja wapezeka, Loweruka teni koloko tikumane ku Springburn, aliyense atenge chimene angathe. Vainess pa gululo palibe, amati mameseji amachuluka, ndipo ine sindinamuuze dala chifukwa ndinadziwa kuti ayamba malamulo ake aja.

Musatiweruze msanga. Kwathu munthu akatuluka m'chipatala kapena akalowa nyumba yatsopano, simudikira kuti akuitaneni. Kufunsa kuti kodi tibwere n'kumunyoza, kuli ngati kumuuza kuti si mbale wanu. Mumangonyamuka, ndipo mukachuluka ndiye kuti mwamulemekeza. Ife tinalipo amayi khumi ndi anayi, ndi matsache, mopu, makatani, mpunga, nkhuku, mandasi, aliyense chitenje m'chiuno pamwamba pa thalauza chifukwa cha kuzizira.

Belu ndinaliza ndine. Pa kabokosi kolankhulira ka pakhomo paja panamveka mawu otsika, akufunsa kuti ndani.

“Odi kuno! Ndife amayi a ku tchalitchi, tabwera kudzakuonani!”

Kenako chitseko chinalira, n'kutseguka. Titakwera tinawapeza ataima pakhomo la fulati yawo, akuwomba m'manja mwaulemu. “Lowani, amayi, lowani,” ankatero. Thukuta linali kamukamu pankhope, Febuluwale ameneyo. Ine chitsiru ndinkati ndi chisangalalo.

M'katimo tinagwira pakamwa. Bedi linali likadali m'pulasitiki mwake, losagonapo munthu. Iwo ankagona pansi, pakanjira ka pakati pa chitseko ndi kuchipinda, pa makatoni, m'thumba lawo logonamo lija la mumsewu, lakuda bii ndi litsiro. Mawindo onse anawamata ndi nyuzipepala. Mayi Ndapile, mtsogoleri wa mapemphero athu, anangoti, “Amayi, ntchito ilipo,” ndipo tinaigwiradi ntchitoyo. Nyuzipepala tinang'amba, makatani tinapachika, pansi tinakolopa mpaka m'maso kuwawa ndi mankhwala. Makatoni ndi thumba lija ndinanyamula ndine, ndi manja angawa, kukataya mu bini ya kuseri kwa buloko. Iwo anangokhala pa mpando pakona, manja pa maondo, aliyense akawalankhula n'kumati, “Zikomo, mayi. Zikomo, mayi.”

Titamaliza tinawazungulira. Tinaimba nyimbo imene anatiphunzitsa iwo omwe kalelo, ndipo tinaiimba ndi mphamvu, mpaka a fulati ya pansi anagogoda denga lawo. Wina ankajambula pa foni kuti anzathu amene sanabwere aone. Kenako Mayi Ndapile anawasanjika manja pamutu n'kuyamba kudzudzula mizimu, ife tonse maso tili tsinzinu, aliyense kupemphera mokweza. Pemphero linali lalitali. Mayi Ndapile akalowa mu mzimu amachotsa manja n'kumayendayenda, ndiye palibe anaona kanthu. Titati ameni n'kutsegula maso, pa mpando paja panalibe munthu. Chitseko chinali pululu, makiyi ali patebulo pafupi ndi mbale ya mpunga imene tinawapakulira.

Tinadikira ola lathunthu. Ena ankati apita kukagula fanta ya alendo. Pomaliza tinatseka, aliyense n'kutenga poto wake, ine n'kupita ndi makiyi aja kwa Vainess, amene amakhala kufupi ndi pamenepo.

Ndinamupeza akusita mayunifomu a ana. Ndinamufotokozera zonse, ndikuseka pang'ono kuti nkhani ipepuke. Iye anazimitsa ayironi.

“Munalowa angati?”

“Khumi ndi anayi.”

“Thumba lawo lili kuti?”

“Chinthu chonunkha chija? Mu bini.”

“Doreen,” anatero. Chidziwireni chathu anali asananditchulepo dzina choncho. “Miyezi isanu ndi iwiri ndinatha kuti bambo aja alole kungogwira makiyi amenewa m'manja. Agonamo masabata atatu okha. Makatoni aja tinayambira nawo pachitseko penipeni, sabata iliyonse n'kumawasuntha phazi limodzi kuloza kuchipinda. Nyuzipepala zija tinamata limodzi, chifukwa akaona windo loyera amamva ngati anthu akuwayang'ana. Inu mwabwera, tsiku limodzi, mwasesa zonse.”

“Koma tinapita ndi chikondi!” ndinakuwa. “Ndiponso anatitsegulira okha, palibe anathyola chitseko!”

“Mwamuna woleredwa ku Malawi angabweze amayi a tchalitchi pakhomo? Anatsegula chifukwa analeredwa bwino. Zaka khumi ndi chimodzi munali kuti, Doreen? Akugona pa simenti munkawoloka msewu. Lero apeza denga ndiye mwakumbuka kuti ndi mbale wanu?”

Sanakweze mawu. Safunsa anadya phula, ndipo phula lake ndinalidya tsiku limenelo.

Kenako anandiuza choopsa chenicheni. Eni nyumbazo akaona kuti fulati yasiyidwa, amalemba kalata, n'kupereka masabata anayi. Mwini wake akapanda kubwerera n'kuyankha yekha, fulati imapita kwa wina, poti odikira ndi ambiri, ndipo kuti Bambo Ephraim adzapezenso ina pakhoza kutha zaka. Chaka chathachi anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, ndipo adokotala ananena poyera kuti chifuwa chawocho sichingapirirenso nyengo ina yachisanu panja.

“Valani nsapato,” anatero Vainess. “Tikupita ku bini.”

Abale inu, bini za m'mabuloko muno ndi zazikulu, munthu kulowamo n'kubisala. Ndinakwera pa kireti, mwendo wa nyamakazi womwewu, n'kuweramira m'katimo mpaka chitenje kumasuka, gogo wina wachizungu akundiyang'ana pa windo ndi kapu yake ya tiyi. Thumbalo ndinalipeza, wina atalikhuthulira kale makoko a mbatata. Ndinati ndikalichape kaye kunyumba.

“Musachape,” anatero.

“Ndi fungo lakeli?”

“Fungolo ndi limene amalidziwa. Sasani makokowo basi.”

Zinamutengera masiku asanu kuti awapeze. Anayenda m'malo onse amene ankagonamo kale, kufunsa anzawo a mumsewu, amene onse amamudziwa ndi jekete yake ija. Anawapeza pansi pa mlatho wina m'mbali mwa mtsinje, cha ku Gorbals, atafunda makatoni okha. Anawapatsa thumba lawo. Kalata ya eni nyumba itabwera anawawerengera, n'kuwauza tsiku lomaliza. Kuyambira pamenepo anayamba chizolowezi chimene ine chinkandipsetsa mtima. Tsiku lililonse leveni koloko ankafika pamlatho paja, kuima chapatali, kupereka moni, kudikira kuti amuuze kuti sendera. Akatero ankayala kapulasitiki, kukhala pansi, kuthira tiyi m'makapu awiri. Ankakhala mphindi makumi awiri, nthawi zina osalankhulana kanthu, n'kutsanzika. Lachiwiri ankabwera ndi Janet, nesi wa za maganizo, mayi wa konkuno, amene ankawapatsira mankhwala awo pomwepo pansi pa mlatho. Za fulati Vainess sankazitchula.

Ine tulo ndinalibe, chakudya sichinkalowa. Ndinkamuimbira tsiku ndi tsiku.

“Mwawakumbutsa za kalata ija?”

“Ndinawauza kamodzi, anamva.”

“Bwerezani! Sabata yatha kale iyi!”

“Kuona maso a nkhono n'kudekha, amake Deborah.”

“Nkhono yanuyo idzatsegula maso fulati itapita!”

Ankangoseka pang'ono n'kudula foni. Munthu ameneyu akatsimikiza kanthu, kumusuntha kuli ngati kukankha khoma.

Sabata yachitatu anandiimbira yekha. Anati wawafunsa Bambo Ephraim ngati angalole kuti ndikapepese, ndipo avomera. Koma panali malamulo: ndipite ndekha, ndisatenge chakudya, ndisapemphere mokweza, ndipo ndikanena pepani nditseke pakamwa. Lomalizali ndiye linali lovuta.

Pamlatho paja mphepo yake inali yolowa m'mafupa. Tinaima chapatali mpaka anatikodola. Ndinawapeza ataonda, ndevu zitameranso, akutsokomola chifuwa chochokera pansi penipeni. Ndinagwada pa simenti yozizirayo.

“Bambo Ephraim, ndinalakwa. Ndine ndinaitana amayi aja, ndinenso ndinataya katundu wanu. Pepani.”

Basi ndinatseka pakamwa. Mayo ine, chete ameneyo! M'kamwa munali mawu okwana dengu, malangizo, mavesi, zonse, koma ndinameza. Vainess anathira tiyi, kapu imodzi n'kuwapatsa iwo, inayo n'kundipatsa ine. Magalimoto ankadutsa pamwamba pathu. Patapita nthawi Bambo Ephraim analankhula, maso ali pa kapu.

“Simunalakwe, mayi. Mlendo sabwezedwa, ndi mmene tinakulira.” Anatsokomola. “Koma taonani. Pano ndikaona munthu akubwera, ndipo mutu wanga sukufuna anthu tsiku limenelo, ndimanyamula thumba langa n'kusuntha. Palibe amene ndamulakwira. Koma m'nyumba muja belu likalira, ndithawira kuti? Anthu akudziwa kuti ndili momwemo. Ndiye nditsegule, adzaze, mawu a m'mutu nawo adzaze. Imeneyo si nyumba kwa ine, ndi msampha.”

Ndinamva chisoni chachikulu, chifukwa ndinazindikira kuti sanathawe fungo la mankhwala okolopera kapena makatani athu. Anathawa ulemu wawo womwe.

“Achimwene,” anatero Vainess, “pepala la fulati ija lili ndi dzina lanu lokha. Belu likalira, mukhoza kuyankha kuti lero ayi. Mukhozanso osayankha n'komwe.”

“Kuwauza amayi a tchalitchi kuti lero ayi? Iii, achemwali, mayi anga sanandilere choncho.”

“Mayi anu anakulererani pamudzi poti alendo akachuluka munkatha kuzemba n'kupita kudimba. Kuno dimba kulibe, chilipo ndi chitseko. Mukhoza kundibweza ine. Mukhoza kumubweza Janet, adzabweranso mawa lake. Ngakhale abusa amene.”

“Ngakhale abusa?” Anaseka pang'ono, kuseka kothera m'chifuwa. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndithirepo ndemanga, koma Vainess ananditsina pantchafu, kutsina kwenikweni kosiya chizindikiro. Bambo Ephraim sanalonjeze kanthu. Anabweza kapu, ife n'kutsanzika.

Pakamwa pangapa panapeza ntchito Lachitatu lotsatira, ku mapemphero a amayi. Ndinaimirira n'kunena kuti ku fulati nambala sikisi kusapitenso munthu osaitanidwa, ndipo zithunzi zonse zija zifufutidwe pomwepo ine ndikuona. Mayi Ndapile anati chizungu chatilowa, tayamba kupempha chilolezo kuti tikonde m'bale wathu. Aaa, pamenepo ndiye anandiputa. Ndinawafunsa kuti pa zaka khumi ndi chimodzi zija, ndani mwa ife anaimapo n'kuwagulira bambo aja ngakhale kapu ya tiyi? Akweze mkono! Palibe anakweza, ngakhale ine. Ndinati tsono ngati tinatha kuwasiya okha nthawi imene ankatifuna, sitingalephere kuwasiya okha pamene atipempha. Mayi Ndapile sanandilankhule mwezi wathunthu, koma zithunzi anafufuta.

Masiku ankatha. Itatsala sabata imodzi, ine ndinali nditataya kale mtima, ndikungoona maliro m'maso mwanga, ndi ine wolakwa nditakhala kutsogolo. Atatsala masiku atatu ndinakumana ndi Vainess mu shopu ku Springburn, atanyamula mkaka, buledi ndi mulu wa nyuzipepala zakale zimene anapempha kwa mwini shopu.

“Zimenezi n'za kuti?” ndinafunsa.

“Za ku fulati.”

“Avomera?”

“Sananene. Koma dzulo anandifunsa ngati kabokosi ka pakhomo kaja kamatheka kuzimitsa. Munthu amene sakubwerera safunsa zimenezo.”

Mawa lake, leveni koloko, anawapeza atakulunga kale thumba lawo, ataima. Anangomufunsa kuti, “Makiyi aja muli nawo?” Anakwera basi limodzi mpaka ku ofesi ya eni nyumba, iwo anasaina okha kuti fulati akuifuna, n'kupita kwawo. Masana ake, awiriwo anamata nyuzipepala m'mawindo. Makatani athu aja anawapinda bwinobwino, Vainess n'kudzandipatsa m'jumbo kuti ndibweze kwa eni ake. Atandiuza pa foni kuti alowa, ndinali kuntchito, ndipo ndinalulutira mpaka nkhalamba ina imene ndinkaidyetsa inataya supuni.

Vainess sanachite phwando. Ali ndi anthu ena asanu ndi atatu amene amawayendera, wina ku Gorbals, wina ku Dennistoun kufupi ndi kwathu, ndipo mayina awo sindiwadziwa, sindifunsanso. Ndimangomuona nthawi zina pa windo la basi, ndi jekete yake yobiriwira, ataima pakhomo la buloko ina, akudikira. Amati ena amabwerera mumsewu kawiri, katatu, ndipo iye amangoyambiranso. Ndinamufunsa ngati satopa. Anati amatopa kwambiri, n'chifukwa chake Lamlungu masana foni amazimitsa.

Ine ndinapirira miyezi iwiri osaponda ku fulati nambala sikisi. Koma mtima wa mayi wa Chimalawi, abale, uli ndi malire. Loweruka lina mu Meyi, kunja kutawala bwino, ndinaphika nkhuku yokazinga ndi mpunga, ndinakulunga poto m'kathaulo, ndinakwera mabasi awiri. Ndinadziuza kuti ndili ndekha, sindiimba, sindikolopa, ndingopereka n'kukhala mphindi zisanu. Ndinaliza belu.

“Ndani?” Mawu awo anali amphamvu kuposa kale.

“Ndine Doreen, bambo. Ndili ndekha. Ndakutengerani kankhuku.”

Ndinkawamva akupuma pa kabokosi paja, kupuma kwa munthu amene akunyamula chinthu cholemera. Ndinayamba kukonza chitenje kuti ndikwere masitepe.

“Mayi Doreen,” anatero. “Zikomo kwambiri. Koma lero ayi.”

Kabokosi kanati thi, kuzima.

Ndinaima pamenepo ngati andithira madzi ozizira. Kenako magazi anawira. Ine? Mabasi awiri, mwendo wa nyamakazi, nkhuku yathunthu! Pa zaka zanga makumi asanu ndi zitatu palibe munthu anandibwezapo pakhomo, ngakhale apongozi anga amene sankandifuna. Chala chinanyamuka chokha kuti chilizenso belu, ndinachita kuchibweza ndi dzanja linali. Ndinapita pa siteji ya basi ndikufufuma, n'kumuimbira Vainess.

“Amake Pempho, munthu wanu uja wandibweza! Wandibweza pakhomo ngati wogulitsa makala!”

“Mwapita kwa Bambo Ephraim?” Anayamba ndi mawu olimba, kenako anasintha. “Dikirani. Anati chiyani? Nenani mawu awo enieni.”

“Ati zikomo kwambiri, koma lero ayi.”

“Ananena okha? Ndipo sanatuluke? Akadali m'katimo?”

“Nanga apita kuti? Ali momwemo, ine ndi amene ndili panja!”

Kenako ndinamva kuti mnzanga uja, amene sindinamuonepo akugwetsa msozi ngakhale pa maliro, akulira.

“Doreen,” anatero, “inu muli panja, iwo ali m'nyumba mwawo.”

Ukali wonse unandithera pomwepo, ndinakhala pa benchi. Basi itabwera ndinakwera ndi poto wanga akadali wotentha pamiyendo, ndipo ndinalira njira yonse mpaka ku Dennistoun, osasamala kuti anthu akundiyang'ana.